Mkamwini Amene Magazi Ake Anawakana

Ndinadzuka tambala asanalire, ngati kumeneko n'kudzuka, pakuti tulo sindinatione. Amuna tonse tinagona m'chigafa cha fodya cha atsibweni a mkazi wanga, chifukwa mvula inavumba kuyambira dzulo lake osakata. Moto womwe tinasonkha pakhomo pa chigafacho unali utatsala makala okhaokha. Ku nyumba yanga, komwe amayi anachezera kuimba, nyimbo zinali zitatha mphamvu. Panatsala mawu a mayi mmodzi, amene ankayamba nyimbo n'kuisiya panjira. M'nyumbamo, pa mphasa yatsopano, munagona mkazi wanga Rozina, amake Lusiya.

Kutayamba kuyera ndinaona momwe tinagonera. Anzanga anali atathinana, gombeza limodzi anthu angapo, mapazi a wina pamsana pa wina. Mbali yanga kunali malo oti munthu n'kuyalapo mphasa. Palibe amene anandiuza kuti ndisunthe, ndipo sindinaone munthu akusuntha, koma malowo analipo. Ndinkanjenjemera, mano akugundana, ndipo ndinkadziwa kuti ondiona akuti awo ndi mantha a munthu wodziwa chomwe anachita.

Ine si wa kuno ku Chidzolomondo. Kwathu ndi ku Ntengo-Wambalame, ku Tsangano, kumapiri kozizira komwe timalima mbatatesi. Ndinabwera kuno chikamwini, ndinamanga pamalo a apongozi anga, n'kuphunzira kulima fodya. Malungo enieni ndinawadziwira kuno, poti kwathu udzudzu umachita manyazi ndi chisanu. Zaka zonsezi ndinakhala monga akhalira mkamwini, osakula mwendo, woyamba kufika pa ntchito, womaliza kuyankhula. Ndinkayesa kuti ndasanduka wapamudzi, koma mlendo ndi mame. Mkazi akamwalira, ana ndi a kuchikazi. Mwamuna amene anali bwino ndi eni mudzi amamulola kukhala, kapena kupita n'kumabwera kudzaona ana ake. Akamuganizira kuti ndiye wapha, amamusudzula pa tsiku lometa n'kumulozera njira, ana osawaonanso. Lusiya wanga ali ndi zaka zinayi. Chibwerereni ndi mtembo, anali asanandilole kumunyamula.

Nkhani yake inayenda chonchi. Mvula itangoyamba ndinapita kwathu kukathandiza achimwene anga kumunda wa mbatatesi, Rozina ndinamusiya ali ndi pakati. Ndili komweko anadwala malungo. Anamwa makomprimidu, mapiritsi ogula pamsika, thupi litazizira anawasiya n'kubwerera kukapalira fodya, chifukwa udzu sudikira wodwala. Nditabwerako malungo aja anabweranso, ndipo anapita padera. Magazi anachedwa kuleka. Kuchokera apo sanabwererenso mwakale. Zikhatho zinayera ngati za munthu amene wangochoka kuchigayo, milomo nayo inayera. Akapita kuchitsime ankapuma panjira, mtima ukugunda moonekera pakhosi. Kenako mapazi anatupa, nkhope inatsatira.

Kutupako ndiko kunandipachika. Kuno munthu akatupa mapazi ndi nkhope n'kuyera, amayi akuluakulu safunsa za udzudzu. Amati ndi mdulo: mwamuna wagona kunja mkazi ali ndi pakati, wabwera ndi moto m'thupi, wamudula mnzake. Ndipo ine ndinali nditangochokera ku ulendo. Ndinene poyera pano, pakuti tsiku lija panalibe wondifunsa: ku Tsangano ndinkagona m'nyumba ya achimwene, pafupi ndi matumba a mbewu, ndekhandekha.

Kutacha ndithu adzukulu ananyamuka ndi makasu kupita kumanda, akuseka nthabwala zawo monga amachitira. Mmodzi anandipatsa moni mwa chizolowezi, kenako anakumbukira, n'kuyang'ana pansi. Amayi anayamba kufukula nkhuni m'khonde, chifukwa zapanja zinali zitanyowa. Utsi unakana kukwera, unangoyenda pansipansi pakati pa nyumba. Atsikana ankapita kuchitsime ndi kubwera, zidebe pamutu, matope mpaka m'akakolo. Wina anakaika masamba aawisi pamsewu wopita ku Furancungo kuti odutsa adziwe kuti pano pali zovuta. Ine ndinalibe ntchito. Mwamuna wa malemu sagwira kanthu pa tsiku lotere, amangokhala, anthu n'kumabwera kudzamupepesa. Ndinakhala pa chitsa pakhomo pa chigafa, ndipo opepesa ankadutsa kupita kwa atsibweni ndi kwa mlamu wanga, mchimwene wa Rozina.

Msewu wa ku Furancungo uja ndi umene tinadzera popita ndi Rozina kuchipatala. Tinakwera mota, njinga yamoto, iye pakati, ine kumbuyo ndikumugwira kuti asagwe. Apongozi aakazi ndi mlamu wanga anatsatira pa mota ina. Titafika, namwino anamutsitsa chikope cha m'munsi, mkati munali mbuu. Anamutenga magazi m'kabotolo, ndipo ine amene ndazinga mbuzi zambiri ndinaona kuti awa si magazi omwe ndimawadziwa, anali ngati madzi otsukira nyama. Analize, zotsatira za magaziwo, itatuluka, namwinoyo anatiitana ine ndi apongozi m'kachipinda kakang'ono. Mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anizana ndipo sayankhulana. Tikakumana panjira, mmodzi amapatukira kutchire. M'kachipindamo munalibe tchire, ndiye iwo anafunda kapulana, chitenje chawo, kumutu n'kutembenukira kukhoma.

Namwinoyo anayankhula Chichewa chomveka, Chipwitikizi ankangothiramo apa ndi apo. Anati tizilombo ta malungo timalowa m'timaselo tofiira ta magazi, timaswana momwemo mpaka timaseloto kuphulika, kenako n'kulowa m'tina. Thupi pofuna kudziteteza limawononganso tina tabwinobwino, ndipo m'mafupa, momwe magazi amapangidwira, ntchito imayenda pang'onopang'ono munthu akamadwala. Anati chofiiritsa magazi, chomwe iwo amati emoglobina, ndicho chimanyamula mpweya, ndipo mwa Rozina chinali chitatsala pang'ono kwambiri. N'chifukwa chake ankapuma mobanika, ndipo mtima utatopa ndi kupopa magazi amadziwo, mapazi anatupa. Ngakhale tinthu toumitsa magazi pabala tinali titachepa, n'chifukwa chake atapita padera magazi anachedwa kuleka. Panafunika kumuika magazi tsiku lomwelo.

Ndinapinda malaya asanamalize kuyankhula. Anandibaya chala, anadikira, anandiyang'ana m'maso monga anachitira Rozina, n'kupukusa mutu.

"Inunso, papa, malungo akudyani," anatero. "Emoglobina yanu yatsika, tikupatsani mankhwala. Tikakuchotsani magazi tigoneka anthu awiri. Não dá, magazi anu sitingatenge."

Mlamu wanga anali panja, pafupi ndi zenera. Zonse zoyamba zija sanazimve, anangomva mawu omalizawo. Iyeyo anamuyeza, magazi ake anagwirizana, anapereka. Anthu a pachipatala anathamanga momwe akanathera, koma Rozina anatisiya thumba la magazilo lisanathe kudontha. Tisanafike n'komwe kumudzi ndi mtembo, nkhani inali itatsogola: a mlongo wake analandira, a mwamuna wake anawakana. Munthu amene ngakhale achipatala akana magazi ake, ndiye kuti ali ndi chiyani m'thupimo? Amene anamva yankho lonse anali munthu mmodzi yekha, apongozi anga, amene sindingawafunse ngakhale moni. Sindinkadziwa ngati anamva, kapena ngati nkhawa ya mwana wawo inawatseka makutu. Chifikireni analowa m'siwa osatulukanso.

Dzuwa silinatuluke tsiku limenelo, koma anthu anabwera. Anachokera m'midzi yonse yozungulira, ena atafunda mapepala a pulasitiki, ena matumba a feteleza, ena masamba a nthochi. Njinga anazitsamiritsa pa nkhokwe. Amayi akafika pa masamba aja ankayamba kulira, n'kulowa m'siwa, kulira kwa m'katimo n'kudzukanso. Amuna ankavula zipewa, kukhala pansi, n'kufunsana motsitsa mawu kuti zakhala bwanji. Ndinkaona yankho likuyenda. Wofunsayo ankamvetsera, kugwedeza mutu, kenako n'kutembenuka pang'onopang'ono ngati akuyang'ana mitambo, mpaka maso ake atandipeza.

Lusiya ndinamuona kamodzi m'mawa wonsewo. Anali kumsana kwa mng'ono wa Rozina, ngakhale ndi wamkulu woti sangaberekedwenso, miyendo ikulendewera. Anandiona n'kutulutsa dzanja mu nsalu. Mayiyo anatembenuka, osati mwaukali, n'kulowera kuseri kwa khitchini. Sindimuda. Kwa iye ndinali munthu wa moto, ndipo amene wadula mayi akhoza kudulanso mwana. Ndinakhala pa chitsa paja manja ali pakati pa maondo, ndipo ndinasungulumwa kuposa momwe ndinasungulumwira tsiku lina lililonse m'moyo wanga.

Ndinkadikira abale anga. Mkamwini pa maliro otere amafuna wake woti amukhalire pambali, woti akafunsidwa ayankhe kuti uyu anagona kwanga. Telefone inalira chakumasana. Anali achimwene. Anati ananyamuka mbandakucha pa mota, koma apeza mtsinje wadzaza, machapa, maminibasi aja, aima mbali zonse, anthu akungoyang'ana madzi. Anati ayesa mawa kukacha. Ndinawauza kuti asadzivutitse kuwoloka, maliro amodzi akwana. Nditadula ndinapitiriza kugwira telefoneyo kukhutu kwa kanthawi, kuti ondiyang'ana aone ngati ndili ndi woyankhula naye.

Adzukulu atatumiza uthenga woti kumanda kwatheka, bokosi analitulutsa pakhonde kuti anthu aone nkhope. Anandiitana ndi dzina la mwana, abambo a Lusiya. Ndinapita. Amayi a mpingo anali atamuveka mpango woyera, ndipo nkhope ndi mpango zinkangosiyana pang'ono. Kutupa kunali kutaphwa. Anaoneka ngati Rozina wa kale, amene anandiseka tsiku loyamba pa msika chifukwa ndinkagulitsa mbatatesi nditavala jekete dzuwa likuswa mtengo. Ndinafuna kuima pamenepo nthawi yaitali, koma kumbuyo kwanga kunali mzere, ndipo ndinkamva maso pamsana panga. Ndikalira anena kuti ndi chikumbumtima, ndikapanda kulira anena kuti ndi kuuma mtima. Ndinadutsa.

Kenako atsibweni anaimirira kufotokoza za matenda, monga mwini mbumba. Apa m'pamene ndinkadikira. Anati mwana wawo anayamba ndi kutentha thupi, anapita padera, anatupa, anamutengera ku Furancungo, mlongo wake anapereka magazi, koma Mulungu anali atalemba kale. Mawu akuti malungo sanawatchule. Ine sananditchule, kaya pa zabwino kaya pa zoipa. Pomaliza anati, "Zina zilipo, koma si za pa bwalo. Tikambirana pa tsiku lometa." Khamu lonse linamva chomwe sananene. Abusa analalikira za maluwa a kuthengo amene amafota, ndipo ine ndinamva ochepa chabe mwa mawu awo, chifukwa kuzizira kunali kutandichoka, thupi layamba kutentha.

Tinanyamuka mvula ikuwaza. Njira ya kumanda imadutsa m'minda ya fodya, ndipo inadutsa m'mphepete mwa munda wathu. Masamba a m'munsi anali atapsa, oyenera kuthyola, ena atagwa kale pansi. Mizere yomwe Rozina anapalira inkaoneka, ndipo pomwe analekezera pankaonekanso, udzu utatalika kufika m'maondo. Onyamula bokosi ankasinthana pafupipafupi chifukwa cha kuterera. Amayi ankaimba kutsogolo. Ine ndinayenda kumbuyo kwa bokosi, pamalo a mwamuna, ndipo anthu anandipatsa malo ambiri. Miyendo inkalemera, mtima ukugunda pakhosi, ndipo pa kachitunda ka pafupi ndi manda ndinafuna kupuma. Pamenepo ndinadziwa momwe iye ankamvera popita kuchitsime.

M'dzenje munali mutalowa madzi, adzukulu anayamba awakapa ndi mbale. Dothi linali lofiira, lomata m'makasu. Atatsitsa bokosi, abusa anaponya dothi, atsibweni anaponya, mlamu wanga anaponya, kenako ine. Langa linali chibuma cha matope, linagunda bokosi mwamphamvu kuposa momwe ndinafunira. Apongozi anagwiridwa ndi amayi awiri mbali ndi mbali, nkhope itaphimbidwa. Sanalire mokweza, anangoitana dzina la mwana wawo mobwereza, ngati akumuitana kuti abwere kudzadya. Pa nkhata anandiitana, ndinaika yanga n'kubwerera. Ya Lusiya anamuikira mng'ono wa Rozina, chifukwa mwanayo anamusiya kumudzi.

Pobwera tinapeza beseni la madzi a mankhwala polowera m'mudzi, loti aliyense wochokera kumanda asambe m'manja. Ndinadikira onse asambe kuti pasakhale wovutika kusamba pambuyo panga. Chakudya amuna anadya m'magulu, mbale imodzi anthu angapo, akukambirana za mvula ndi za fodya. Ine anandibweretsera mbale yangayanga, ya nyemba ndi nkhwani, n'kuiika pafupi ndi chitsa chija. Munthu wosadziwa akanati ndi ulemu. Ndinadya pang'ono, mkamwa mukuwawa, zotsala anadya agalu.

Anthu anayamba kubalalika kudakali kowala, chifukwa ambiri anali ndi mitsinje yoti awoloke. Njinga zinachoka pa nkhokwe imodziimodzi. Amayi anatsuka miphika yobwereka, anathira madzi pa moto. Mlamu wanga anabwera n'kuima patali pang'ono, dzanja limodzi litagwira pa mkono pomwe anamubaya. Iyeyu tinkalima limodzi, tinkabwerekana makasu, anandiphunzitsa kusoka fodya. Anayang'ana denga la chigafa.

"Alamu, musachoke tisanamete," anatero. "Atsibweni ali nanu mawu."

Ndinati ndamva. Ndinafuna kumuuza za zenera lija, kuti anamva mchira wa nkhani mutu osaumva, koma mawu a wopalamula ndani amawawerengera? Iyenso anali atataya mlongo wake, ndipo magazi ake anali nawo m'manda. Ndinamusiya apite.

Chakumadzulo amayi anatuluka m'nyumba yanga ndi mphasa zawo, n'kusamukira kwa apongozi. Mwa mwambo ena akanatsala kuti andigoneke, koma palibe anatsala. Ndinalowa. Katundu yense anali atamuunjika ku chipinda kuti anthu akwane, ndipo pabalaza panali pululu, pansi pali mapazi a matope a anthu ambiri. Munkanunkha utsi ndi nsalu zonyowa. Sindinayatse nyali. Ndinakhala pansi chotsamira khoma, chitseko chili chotsegula, ndikuyang'ana nkhuku zikulowa m'khola zokha. Ndinayamba kuganiza zomwe ndidzanyamule pochoka, ndipo ndinapeza kuti zonse zikhoza kukwana pa njinga imodzi. Ndinaganiza za Lusiya akukula, akumva kwa anzake kuti atate ake ndi aja anawakana magazi.

Kusanade kwenikweni ndinamva mapazi kuseri kwa nyumba, a munthu wamkulu ndi a mwana. Sanafike pakhomo. Anaima pambali, pomwe khoma limatchinga, ndipo ndinangoona nsonga ya kapulana. Ndinadziwa kuti ndi apongozi. Ndinadzuka kuti ndilowe ku chipinda ndiwapatse njira, koma anayamba kuyankhula, mawu atasasa ndi kulira. Sanayankhule ndi ine.

"Lusiya, uwauze atate ako kuti ine m'kachipinda muja ndinalimo. Nkhope ndinabisa, makutu sindinatseke. Uwauze kuti mwana wanga anamudya ndi malungo, ndipo pa tsiku lometa ndikanena ndekha pamaso pa alongo anga, amve asamve."

Kenako anapitiriza.

"Uwauzenso kuti amalize mankhwala awo. Zikhatho zoyera ndaika m'manda zokwana. Lowa, kagone kwanu."

Mwanayo anatulukira pakhomo, ataima ngati mlendo, chala chili mkamwa. Uthenga wonse uja sananene ngakhale liwu limodzi. Anabwera n'kukwera pamiyendo panga, n'kuika mutu pachifuwa panga, kenako anauchotsa n'kundiyang'ana.

"Ababa, mukutentha."

Ndinafuna kumutuma kuti akawauze agogo ake kuti ndamva, kuti ndathokoza, koma ndinamva mapazi akuchoka. Kuseri kwa khoma kunalibenso munthu. Ndinamufunditsa Lusiya nsalu ya amake. Tsiku lonse ndinali pa mlandu, ndikudziyankhira chamumtima, moti mkazi wanga anamuika ine ndisanapeze mpata womulira. Mwana atagona ndinatseka chitseko, ndinakhala pansi pambali pake, ndipo ndinayamba kumulira Rozina, motsitsa, kuti ndisamudzutse.